Mdzukulu wanga amupatsa dzina osandifunsa: ndilankhule kapena ndingokhala chete?

"Ine ndine mayi wa zaka 61, ndimakhala ku Mufakose. Ndinabadwira konkuno koma makolo anga anachokera ku Dedza. Mwana wanga wamwamuna anakwatira mtsikana wa Chishona wa ku Murehwa, ndipo sabata yatha Mulungu wawapatsa mwana wamkazi, mdzukulu wanga woyamba. Dzina ndangoliona pa WhatsApp ngati munthu wapadera: Tsitsi Skylar. Kwathu mwana woyamba amamutcha dzina ndi akuchimuna, ndipo ine ndinasunga dzina la malemu mayi anga, Ndaziona. Abale ku Dedza akamva kuti mwana ndi Tsitsi adzaseka, nanga tsitsi si la kumutu? Linalo ngakhale kulitchula lilime likukana. Bambo a kunyumba akuti ndizisiye, mng'ono wanga akuti andinyoza ndipo ndisapite kukaona mwana mpaka apepese. Ndilankhule kapena ndikhale chete?" Naphiri, Mufakose

Anaphiri, tiyambe ndi kuthokoza kuti mpongozi wanu wachira bwino ndipo mwana ali moyo. Mwalowa m'gulu la agogo. Kuwawa kwa mtima kumene mukumvaku sikukutanthauza kuti ndinu munthu wovuta kapena wansanje. Ndagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri m'makiliniki a muno mu Harare, ndipo chipumire ndakhala ndikulangiza mabanja kumpingo. Nkhani ya dzinayi ndaimva kwa agogo aamuna ndi aakazi omwe, Achewa, Ayao, Asena, ngakhale Ashona eniake.

Malangizo a mng'ono wanu aja muwasiye pomwepo. Mukakana kukaona mwana podikira kuti apepese, achinyamatawo sadzakumbukira kuti nkhani inayambira pa dzina. Adzakumbukira kuti mwana wawo woyamba atabadwa agogo sanabwere, ndipo akuchikazi adzaisunga nkhaniyo mpaka kalekale. Pitani sabata yomwe ino. Za kulankhula, ine ndikuti lankhulani ndithu, koma osati zimene mwakonzeka kukanenazo.

Muwerengenso uthenga wanu. Chimene chakubayani kwenikweni si Tsitsi kapena Skylar, koma kuona dzina pafoni nthawi imodzi ndi anzake a kuntchito a mwana wanu. Akanabwera n'kukhala pansi, n'kunena kuti "Amayi, ife taganiza zakuti," mwina mukanang'ung'udza pang'ono kenako n'kuvomera.

Mwambo umene mukunenawo ulipodi. Kumudzi mayi ndi khanda ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, sabata imodzi kapena ziwiri, ndiyeno mwana ankatulutsidwa, kumetedwa ndi kupatsidwa dzina. M'mabanja ambiri woyamba ankamutcha akuchimuna, wachiwiri akuchikazi, ndipo wotcha dzina sankabwera chimanjamanja: ankapereka nkhuku, kansalu kapena ndalama, n'kukhala paubale wapadera ndi mwanayo moyo wake wonse. Zinkatheka chifukwa aliyense anali pafupi, ndipo mwana ankatha kukhala masiku angapo opanda dzina popanda womufunsa. Lero mimba ikafika miyezi isanu apita kukajambulitsa, adziwiratu kuti ndi mtsikana, dzina asankha usiku ali awiri, anzawo alilemba pakeke mwana asanabadwe n'komwe. Ku kiliniki nako tikamalemba khadi la sikelo timafunsa dzina, ndipo mayi wachitsikana amachita manyazi kuyankha kuti tikudikira agogo.

Ndikufunseni mosakuweruzani: mwana wanuyo munamuuzapo kuti kwanu woyamba amatcha ndi akuchimuna, ndi kuti inu muli ndi dzina limene mwasunga? Iye wakulira ku Mufakose, wasewera mpira wachikulunga ndi ana a Chishona, Chichewa mwina amangomva koma kuyankha amayankha m'Chishona. Ambirife timasunga mwambo mumtima n'kumayembekeza kuti ana aulota. Ngati sanaumvepo, sanakunyozeni.

Muganizirenso za tsidya linalo. Kwa Ashona, mimba yoyamba mkazi amabwerera kwa makolo ake kukachirira kumeneko pamwambo wa masungiro, kotero masiku oyambirira khanda limakhala m'manja mwa akuchikazi. Nawonso ali ndi ambuya (agogo aakazi) ndi atete (azakhali) awo amene anasunga maina. Mabanja ambiri a mitundu iwiri amene ndawaona amasankha okha dzina mwadala, pothawa kuti mbali ina idzati yakonderedwa. N'kutheka kuti ku Murehwa kulinso agogo ena amene akudandaula ngati inu.

Pali chimodzi chimene ndikugwirizana nanu. Pa maina awiriwo palibe lathu, ndipo kwa ife ana a matchona zimenezi si zazing'ono. Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu mu Salisbury (Harare wa lero), ena kudzera mwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena wapansi, ambiri m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo. Anatchulidwa maina onyoza, mabhurandaya ndi ena otero, mwakuti ana ambiri anakula akubisa kwawo, ena mpaka kusiya mfunda wawo n'kutenga wa oyandikana nawo. Agogo akamaona dzina la Chichewa likusowa pa mdzukulu, amaona ngati kubisala kuja kukupitirira. Chimenecho n'chifukwa chomveka, ndipo mwana wanu angachimve mukamufotokozera. Masiku ano palibenso chobisira: malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Za Tsitsi ndisatayepo nthawi. Inu mwabadwira kuno, mukudziwa kuti m'Chishona ndi chifundo, ndipo mwana adzakulira kuno kumene palibe amene angadabwe nalo. A ku Dedza adzaseka tsiku limodzi, mawa lake adzayamba kumuitana kuti Chifundo, basi yatha. Skylar nalo lilime lidzazolowera. Akuluakulu athu omwe anabwera ndi maina awo a Tebulo, Botolo ndi Januwale, amene anawatola kwa azungu, ndipo m'badwo wathu unadzaza makalasi ndi a Lovemore ndi a Godknows. M'badwo uliwonse umatola zake. Kuti dzina silikukomerani m'khutu, kapena simunalimvepo, si chifukwa chokwanira chotsegulira pakamwa.

Tsopano za Ndaziona, ndipo pano mundikhululukire ndilankhula mosabisa. Kwa inu dzinali ndi nkhope ya mayi anu, mawu awo, nsima yawo. Kwa mtsikana amene wangochira kumene mwana woyamba, ndi dzina la misozi. Maina ngati Ndaziona, Mavuto, Masautso, Maliro, Manda ndi Nditani agogo athu ankawapereka atadutsa m'zowawa, kawirikawiri ataika ana angapo m'manda motsatizana. Linali dandaulo lawo, ndipo ena ankati imfa ikamva dzina lotero imulambalala mwanayo. Mpongozi wanu sanadutse m'zimenezo, ndipo sangafune kuti mwana wake asenze chisoni cha anthu amene sanawaone. Onjezani pamenepo kuti Ashona ambiri amaopa kupatsa khanda dzina la womwalira poganiza kuti mzimu wake utsatira, ndipo mipingo yambiri ya masiku ano imaphunzitsa zomwezo. Mukapita ndi dzinali ngati lamulo, iye adzamva ngati mukumutemberera mwana, pamene inu mumafuna kulemekeza mayi anu. Kodi malemuwo analibe dzina la ubatizo? Nanga mfunda wawo? Pali njira zambiri zowakumbukira.

Ilipo nthawi imene agogo ayenera kulankhula za dzina lenilenilo, ndipo akakhala chete alakwa. Ndi pamene akudziwa chinthu chimene achinyamatawo sakuchidziwa, chimene chidzapweteke mwanayo kapena munthu wina m'banjamo. Dzina likhoza kukhala lokoma m'chilankhulo china koma lotukwana m'chathu. Likhoza kukhala la mwana wa mchemwali wake amene anamwalira posachedwa, bala lisanapole. Likhoza kukhala lonyogodola, la mtundu wa Anenenji kapena Mwanditani, kapena Muchaneta kwa anzathuwa, lolasa apongozi kapena mkazi mnzake. Mkangano umatha koma mwana amakalamba nalo. Ndimachenjezanso za maina a anthu andale, chifukwa mwana adzafuna ntchito ndi malo okhala m'nyengo imene sitikuidziwa.

Ndikukumbukira agogo ena aamuna amene anabwera kudzaona mdzukulu pa kiliniki ina. Atamva dzina sanasinthe nkhope. Anamunyamula mwana, anamuika kandalama m'kadzanja, anathokoza mpongozi wawo, kenako anauza mwana wawo kuti awaperekeze pokwerera kombi. Ndinawaona pawindo ataima pafupi ndi mpopi, mkuluyo chipewa chili m'manja, akulankhula motsitsa. Dzinalo linali la munthu amene anazunza azakhali ake a mnyamatayo paukwati mpaka kuwalemaza, kalekale iye asanabadwe, ndipo azakhaliwo anali akadali moyo, akukhala pakhomo pomwepo. Mnyamata anabwerera, ananong'onezana ndi mkazi wake, ndipo madzulo anandipempha kuti tikonze pakhadi. Panalibe amene anakwiya. Ndinaonanso agogo ena aakazi amene atamva dzina anafunsa mokweza, amayi ena onse a m'wodimo akumva, kuti "Limeneli ndi dzina la munthu kapena la galu wa mzungu?" Mtsikanayo anangotembenukira kukhoma osayankha. Dzina silinasinthe, ndipo pamene ndinkamuona akubwera ku sikelo miyezi yotsatira, ankabwera ndi mayi ake omubereka okhaokha.

Anthu amaiwala kuti kuno dzina la mwana woyamba limasanduka dzina la makolo ake. Kuyambira lero mpongozi wanu ndi Mai Tsitsi pamsika, kutchalitchi ndi pamaliro, ndipo mwana wanu ndi bambo a Tsitsi. Mukaliseka dzinalo mwaseka dzina limene iwo adzaitanidwe nalo mpaka imvi.

Nkhani yanu si ya gulu loopsalo. Palibe chimene chidzapweteke mwana pa maina asankhawo. Ndiye musapite kukatsutsa; pitani kukapempha malo anu.

Ulendo woyamba ukhale wa mwana basi. Tengani chitenje chobelekera, sopo, ufa wa phala, nkhuku ngati ilipo. Munyamuleni, mumutchule dzina limene makolo ake amupatsa, mpongozi wanu alimve likutuluka pakamwa panu. Ngati akuchirira kwa makolo ake, kumeneko ndinu mlendo, ndipo si malo otsegulira nkhani. Pakapita masiku angapo muitane mwana wanu yekha. Osati pagulu la WhatsApp la banja, osati kudzera mwa mng'ono wanu, ndipo osati kwa mpongozi mwachindunji. Iye ndi munthu amene mumapatsana naye ulemu wa patali, komanso thupi lake likadali lofooka. Kwa mwana wanu mukhoza kunena motere: "Mwanawe, maina mwasankha ndawalandira. Chinandiwawa n'chakuti ndinawaona pafoni, chifukwa kwathu woyamba amatcha ndi akuchimuna, ndipo mwina sindinakuuzepo. Ndili ndi pempho limodzi. Ukakambirane ndi mayi a mwana ngati mungandilole kumupatsa dzina la kwathu, lowonjezera. Mukakana sindikwiya." Mawu omalizawo muwanene pokhapokha ngati mukutsimikiza kuti mudzawasunga. Ndipo munene kamodzi. Mukabwereza kawiri katatu lasanduka lamulo, ndipo mwana wanu mwamuika pakati pa mayi ake ndi mkazi wake, pamalo pamene mwamuna aliyense amasankha molakwika.

Dzina limene mupereke mulisankhe moganizira kuti mpongozi athe kulikonda ndi kulitchula. Chifundo likugwirizana kale ndi limene asankha. Alipo Chisomo, Takondwa, Tiyamike, Mphatso. Ndipo musaiwale mbali yanu ya mwambo: wotcha dzina amapereka kanthu.

Munthu kukhala ndi maina awiri atatu si zachilendo kwa ife. Kale mtsikana akavinidwa kapena mnyamata akalowa kudambwe ankalandira dzina lina, la ubwana n'kusiyidwa. Akatolika amawonjezera la ubatizo, Asilamu amatcha lawo tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ngakhale Kamuzu Banda anali ndi la kwawo, Kamuzu, ndi la Hastings limene anatenga kwa mmishonale. Ndiye ngakhale atakana kulemba lanu pachitupa, angavomere kuti likhale la pakhomo pa agogo. Palinso lina limene silifuna chilolezo cha munthu: ngati bambo a kunyumba kwanu ndi a Banda, mwanayo ndi Nabanda, ngati ndi a Mbewe, ndi Nambewe. Apongozi anu a ku Murehwa amalemekeza kwambiri mutupo, umene ndi mfunda wawo, kotero akamva mukumuitana ndi mfunda wake sadzadabwa. Mwinanso adzayamba kumuitana choncho iwo omwe.

Nthawi ilipo koma si yambiri. Lamulo la kuno limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire, ndipo olembetsa ndi makolo ake. Gawo 81 la malamulo aakulu limati mwana aliyense ali ndi ufulu wopatsidwa dzina ndi mfunda, komanso chitupa cha kubadwa mosachedwa. Dzina lowonjezera n'losavuta kuliika chitupa chisanatuluke. Chikatuluka, kusintha kumafuna mafomu, ndalama ndi kuyendera maofesi, ndipo kusintha mfunda kumafuna loya ndi kulengeza mu Government Gazette. Koma musawauze kuti adikire kulembetsa mpaka nkhani ya dzina ithe. Kuchedwetsa chitupa n'koipa kuposa dzina lililonse limene angasankhe.

Apa ndi pamene ine ndimafuna agogo a mtundu wathu alowerere ndi mphamvu zawo zonse, chifukwa ndi pamene tinapwetekeka kwambiri. Alembi a m'mapulazi ndi m'maofesi ankalemba maina athu mmene anawamvera. Chishona cholembedwa chilibe l, kotero Limbani ankasanduka Rimbani, Madalitso kukhala Madaritso, Mwale kukhala Mware. H wa mu Thokozani, Mphatso ndi Nkhoma ankangosowa. Ngakhale katswiri wa mpira uja Benjani Mwaruwari, amene makolo ake ndi ochokera ku Malawi, dzina lake lenileni ndi Mpenjani. Ndaona ana a bambo mmodzi ali ndi mifunda yolembedwa mosiyana, ndipo vuto limadzaonekera polembetsa mayeso a Grade 7, potenga chitupa pa zaka 16, popanga pasipoti kapena pogawa chuma cha masiye. Muuzeni mwana wanu kuti asanachoke pawindo la ofesi awerenge chilembo chimodzichimodzi, aone kuti mfunda wa mwana ukufanana ndendende ndi wa pachitupa chake. Ngati dzina lanu lavomerezedwa, mulilembe nokha papepala ndi zilembo zazikulu. Ndipo ngati m'banjamo alipo amene chitupa chake chikadali chosonyeza kuti ndi mlendo, gawo 43 la malamulo omwewo limati wobadwira kuno malamulowa asanalengezedwe mu 2013, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'chigawo cha SADC, ndipo iye ankakhala kuno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Apite ku ofesi ya kalembera ku Makombe kapena ku Market Square akakonze, vutolo lisatsikire kwa mdzukulu.

Akakana pempho lanu, mwana muzimuitana dzina lake. Musamuti "ujeni" kapena "kamwana kanu kaja", ndipo musalipotoze mwadala kuti anthu aseke. Ana amamva msanga kuti agogo sakonda dzina lawo, ndipo samasiyanitsa dzinalo ndi iwo eni. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mng'ono wanu ndi abale ena akabwera ndi nkhuni, muwauze kuti nkhaniyo munakambirana ndipo inatha.

Ndikuchenjezeni za chinthu china chimene chikubwera, chifukwa ndikudziwa mmene timachitira. Mwana akayamba kulira usiku, wina adzati akulirira dzina, malemu akwiya. Monga mzamba ndikuuzeni kuti makanda ambiri amalira kwambiri akamayandikira masabata asanu ndi limodzi, makamaka madzulo, ndipo kumachepa pofika miyezi itatu kapena inayi, kaya dzina lake ndi Ndaziona kaya Skylar. Chikhulupiriro cha munthu sindimulanda, koma musalole kuti kulira kwa khanda kukhale chida chokakamizira mayi wamantha. Ndipo ngati mwana watentha thupi, akukana kuyamwa, akupuma mothamanga, wachita chikasu m'maso ndi pakhungu, pamchombo pafiira kapena pakutuluka mafinya, wafooka kapena akukomoka, ameneyo apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ndaona makanda akufika mochedwa chifukwa akuluakulu anali pabwalo kukambirana za dzina.

Mukaona kuti nkhaniyi yakula, mwana wanu wasiya kuyankha foni kapena awiriwo ayamba kukangana chifukwa cha inu, musalimbane nayo nokha. Itanani ankhoswe a banjalo, ndipo kumbali ya mpongozi munthu woyenera ndi atete ake; abusa kapena mayi wachikulire wa kumpingo amene mbali zonse zimamulemekeza angathandizenso. Mukamapita kukacheza muzimuyang'ananso mpongoziyo. Ngati patapita masabata awiri akungolira, sakugona ngakhale mwana atagona, sakudya, kapena akunena zoti iye ndi mayi wosathandiza, limenelo ndi vuto la maganizo limene limagwira amayi ena akachira, ndipo lili ndi chithandizo. Muuzeni mwana wanu amuperekeze ku kiliniki osadikira tsiku la sikelo, ndipo za dzina muziike kaye pambali mpaka atapeza bwino.